Wamenyetsa mutu koma wadzuka yekha: kasamalidwe ka munthu amene ubongo wake wagwedezeka

Ngozi zambiri zomenyetsa mutu kuno ku Zomba sizifika n'kuchipatala komwe. Wakabaza waterereka pamchenga wa m'mphepete mwa msewu wa M3 cha ku Chinamwali, nthambi ya mango yathyoka ndi mwana, anyamata awiri awombana mitu polimbirana mpira wa m'mwamba, agogo aterereka pamwala wa m'bafa. Munthuyo amayamba wakhala pansi ali ndwii, kenako amadzuka n'kusasa fumbi, anthu n'kumati wapulumuka poti magazi sanatuluke. Malangizo ano ndi a munthu ameneyo komanso a amene akumusamalira pakhomo.

Ubongo ndi wofewa ngati phala lozizira, ndipo umayandama m'timadzi mkati mwa chigaza. Mutu ukagunda chinthu n'kuima mwadzidzidzi, ubongo umapitirira, umakagunda chigaza chamkati n'kubwerera, ndipo timitsempha take timakokeka. Achipatala amalemba m'kabuku kuti concussion, ife tizingoti kugwedezeka kwa ubongo. Munthu sachita kukomoka kuti zimenezi zichitike: amene amakomoka ndi pafupifupi mmodzi yekha mwa anthu 10. Sachitanso kugunda mutu weniweniwo, chifukwa kugwa chagada mwamphamvu kapena kugundidwa pachibwano n'kokwanira. Ndipo makina ojambula nthawi zambiri saonetsa kanthu, popeza chasokonekera ndi kagwiridwe ntchito ka ubongo, osati maonekedwe ake. Kwa masiku angapo ubongo umafuna mphamvu zambiri zodzikonzera pamene ukulandira zochepa, n'chifukwa chake kantchito kochepa kamamutopetsa munthu ngati walima tsiku lonse.

Pamalo pomwe wagwera

Yambani ndi khosi. Chomwe chagwedeza ubongo chikhoza kuthyolanso fupa la m'khosi, ndipo kunyamula munthu wotere wina kumiyendo wina m'khwapa, mutu uli lendelende, kumapuwalitsa anthu amene akanachira bwinobwino. Ngati ali chigonere, gwadani kumutu kwake, mugwire mutuwo ndi zikhatho zonse ziwiri momwe mwaupezeramo. Mufunseni ngati khosi likuwawa, ngati akumva dzanzi m'manja kapena m'miyendo, ndipo mumuuze agwedeze zala zakumanja ndi zakuphazi. Chimodzi mwa zimenezi chikavuta, kapena ngati sakuyankha, musamukhazike tsonga. Pezani chitseko kapena thabwa lalikulu ndi anthu anayi kapena asanu. Wogwira mutu ndiye awerenge, onse amutembenuze pamodzi ngati chipika, mutu, chifuwa ndi chiuno zikuyendera limodzi. Pindani zitenje ziwiri muike uku ndi uku kwa mutu kuti usagubuduke. Munthu wotere amafuna galimoto yoti agonemo. Kumupanikiza pakati pa anthu awiri panjinga yamoto n'kumuonjezera ngozi. Ngati wavala helemeti isiyeni, pokhapokha ngati akusanza kapena akulephera kupuma.

Wokomoka musamuthire madzi, musamugwedeze, musamuwombe mbama, ndipo musamumwetse chilichonse, chifukwa madziwo amalowera m'mapapo. Akayamba kusanza kapena kuliza mkonono wachilendo, mugonekereni chammbali mutu uli mzere umodzi ndi thupi, kuti masanzi atuluke. Wina ayang'ane nthawi pafoni. Achipatala akafunsa kuti anakomoka nthawi yaitali bwanji, yankho lakuti mphindi zitatu limawathandiza kuposa lakuti kanthawi ndithu.

Khungu la m'mutu limatulutsa magazi ambiri ngakhale bala litakhala laling'ono. Tsinikizani ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira. Dothi, mchere ndi mankhwala otsukira mano zisayandikire pabalapo. Mukamva kuti fupa labonyokera mkati, musatsinikize, ingophimbani. Pongotupa ikanipo nsalu yonyowa, kapena filizesi wouma wokulunga m'kansalu, kwa mphindi 15.

Tsopano uja wadzuka yekha n'kumati ali bwino. Musamufunse kuti muli bwanji, chifukwa aliyense amayankha kuti ndili bwino. Mufunseni kuti pano ndi pati, lero n'lachingati, amachokera kuti ndipo amapita kuti, wadya chiyani m'mawa. Wampira mumufunse kuti ndi chigawo chiti cha masewero, wagoletsa komaliza ndani, sabata yatha anasewera ndi timu iti. Mutchulireni mawu atatu, mwachitsanzo mbuzi, khasu ndi sopo, pakatha mphindi zisanu awabwereze. Aime mapazi ataphatikiza, manja m'chiuno, maso atatseka, kwa masekondi 20, inu muli pambali pake. Akaphonya funso limodzi lokha, akamachedwa kuyankha, akamafunsa chimodzimodzi mobwerezabwereza, akamayenda dzandidzandi, kapena akadandaula mutu, chizungulire, nseru, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena kulira m'makutu, mutengeni ngati ubongo wagwedezeka. Tsiku limenelo sabwereranso m'bwalo, sakweranso njinga, sapitirizanso ntchito. Ngakhale atayankha zonse bwino muzimuyang'anabe, chifukwa zizindikiro zina zimadzatulukira madzulo kapena mawa lake.

Oyenera kupita kuchipatala nthawi yomweyo

Aliyense amene ubongo wagwedezeka ndi bwino aonedwe ndi achipatala pasanathe maola 24. Koma pali ena oti sangadikire kuti kuche, chifukwa chomwe chimapha munthu atamenyetsa mutu ndi magazi otayikira mkati mwa chigaza. M'mbali mwa mutu, pamwamba pa khutu, fupa ndi lopyapyala ndipo pansi pake pamadutsa mtsempha wa magazi. Ukang'ambika, munthu amatha kutsitsimuka, kucheza, kudya nsima kumene, magazi akuunjikana mwakachetechete. Pakapita maola angapo amayamba kusinza, ndipo kuyambira pamenepo zinthu zimathamanga. Nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, mukaona chimodzi mwa izi:

mutu ukuwawirawawirabe ngakhale wamwa mankhwala;
wasanza kawiri kapena kuposa apo;
akungosinza, akuvuta kudzutsa, kapena akubwebweta ndi kusazindikira abale ake;
wagwa ngati wakhunyu;
dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka, pakamwa papotoka, kapena lilime likulemera poyankhula;
mwanadiso wina wakula kuposa mnzake, kapena akuona zinthu ziwiriziwiri;
m'khutu kapena m'mphuno mukutuluka magazi kapena timadzi toyera;
kuseri kwa khutu kapena kuzungulira maso onse awiri kwada ngati wamenyedwa pamenepo.

Ena apite ngakhale akuoneka bwino: amene anakomoka ngakhale pang'ono, amene sakukumbuka zomwe zinachitika ngozi isanachitike, wogundidwa ndi galimoto kapena njinga yamoto, wogwa kuchokera pamwamba popitirira mita imodzi, wa zaka 65 kapena kuposa, ndi amene amamwa warfarin kapena mankhwala ena ochepetsa kuundana kwa magazi. Mtengo wa mango uliwonse woti mwana angakwere umapitirira mita imodzi, choncho mwana wogwa mumtengo n'kumenyetsa mutu ndi wa kuchipatala. Woledzera ndiye amapusitsa kwambiri. Anthu amati mowa ukatha adzuka, n'kumugoneka pakhonde, pamene kusinzako ndi kwa magazi a m'mutu. Woledzera amene wamenyetsa mutu muzimuona ngati wovulala kufikira achipatala atanena okha kuti ndi mowa chabe.

Khanda silinena kuti mutu ukuwawa. Yang'anani ngati likukana kuyamwa, likulira kosatonthozeka, lafooka, likusanza mobwereza, kapena liwombo latupa ndi kulimba lili phee. Mwana wosakwana chaka amene watupa m'mutu atagwa akaonedwe tsiku lomwelo.

Mukakhala kutali, yambirani pachipatala chapafupi monga ku Matawale, ku Domasi, ku Pirimiti kapena ku St Luke's ku Malosa, iwo ndiwo akupatseni kalata yopitira ku Zomba Central Hospital. Mukakhala m'tauni ndipo mwaona chimodzi mwa zizindikiro zoopsazo, lunjikani ku Central. Ofunika opaleshoni ya m'mutu amatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ndipo ulendo umenewo umadyanso nthawi yake, n'chifukwa chake ola lotayika pakhomo limapweteka. Tengani kabuku ka kuchipatala, mankhwala onse amene amamwa, komanso munthu amene anaona ngoziyo ndi maso. Ngati ndi ngozi ya pamsewu kapena wachita kumenyedwa, tumani wachibale wina kupolisi, wodwalayo apite kuchipatala. Musanatuluke, pemphani kuti alembe m'kabukumo zomwe apeza, chifukwa ndi zimene mudzaonetse kusukulu kapena kuntchito. Akakuuzani kuti kujambula sikukufunika, sikuti akunyozerani. Amayamba aona zizindikiro, ndipo ambiri ogwedezeka ubongo safunika kujambulidwa.

Masiku awiri oyamba pakhomo

Pa maola 24 oyamba asakhale yekha. Pakhale munthu wamkulu, wosaledzera, wodziwa zizindikiro zija, amene wakonzeratu mayendedwe: nambala ya mwini galimoto, mayunitsi m'foni, ndi kandalama kapadera.

Tulo ndi mankhwala, musamuletse kugona. Ngati achipatala amuona n'kumubweza, ingomusuzumirani maola awiri kapena atatu alionse usiku woyamba, muone ngati akupuma bwino ndiponso ngati akutembenuka mukamukhudza. Ngati sanaonedwe, mudzutseni kawiri usikuwo, atchule dzina lanu ndi malo amene ali. Wodzuka monyinyirika koma n'kuyankha zolondola ali bwino. Wosadzuka, kapena woyankha zosamveka, nyamukani naye.

Pa mutu, mankhwala ake ndi Panado. Wamkulu amwe mapiritsi awiri a 500 mg, adikire maola 6 asanamwenso, ndipo asapyole mapiritsi 8 pa maola 24. Wamkulu wochepa thupi, wosafika makilogalamu 50, amwe limodzilimodzi. Mwana amapatsidwa 15 mg pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, kosaposa kanayi patsiku, ndiye kuti mwana wa makilogalamu 16 kapena 17 ndi theka la piritsi la 500 mg. Asipirini, Brufen, Indocid ndi diclofenac zipeweni masiku awiri oyamba, chifukwa zimachedwetsa kuundana kwa magazi, ndipo ngati mkati mukudontha zimaonjezera. Mapiritsi ambiri a mutu a m'maokala amakhala osakaniza, ena muli asipirini, choncho werengani pachikutiro musanagule. Mankhwala ogonetsa ndi Piriton asamwe, chifukwa amabisa kusinza komwe mukuyang'anira. Ma ARV, mankhwala a BP, a shuga ndi a khunyu apitirize monga mwa nthawi zonse. Mowa wamtundu uliwonse, kachasu, masese kaya wa m'botolo, komanso chamba, zidikire mpaka atachiriratu.

Kutentha thupi si chizindikiro cha kugwedezeka kwa ubongo. Thupi likatentha akayezetse malungo. Komanso musathamangire kunena kuti ndi malungo munthu amene wagwa dzulo akamasanza ndi kumva mutu, n'kumugulira LA kuokala. Auzeni achipatala zonse ziwiri, kugwako ndi kutenthako.

Kupuma kwa masiku awiriwa si kudzitsekera m'chipinda chamdima. Akhoza kusamba, wina ali pafupi ndipo chitseko chisakhomedwe, kudya ndi anzake, kukhala pamthunzi, kuyenda pang'ono pabwalo. Chofunika kuchepetsa kwambiri ndi foni, TV ndi kompyuta, chifukwa maso ndi ubongo zimagwira ntchito yaikulu potsatira zoyenda pagalasi. Foni ikhale yoyankhulira mwachidule basi, WhatsApp ndi Facebook zidikire. Amwe madzi pafupipafupi, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, ndipo asadumphe chakudya ngakhale ali ndi nseru: phala, nthochi, tiyi, pang'onopang'ono. Odzazonda alowe awiriawiri ndipo asakhalitse. Tikudziwa kuti kubweza mlendo n'kovuta pachikhalidwe chathu, koma chipinda chodzaza anthu oyankhula nthawi imodzi chimamubwezera wodwalayu m'mbuyo. Wosamalira awalandire panja, awafotokozere, alowe kungopereka moni.

Kuyambira tsiku lachitatu: mapointi awiri ndi ola limodzi

Kale anthu ankauzidwa kuti agone mpaka zonse zitatha. Akatswiri a zachipatala cha masewera atakumana mumzinda wa Amsterdam ku Netherlands mu 2022 anagwirizana kuti kugona masiku ambiri kumachedwetsa kuchira, ndipo kuyamba kuyendayenda mopepuka pakatha tsiku limodzi kapena awiri kumathandiza. Vuto ndi kudziwa malire, ndipo njira yake ndi iyi.

Asanayambe chilichonse, wodwala apereke nambala ya momwe akumvera, kuyambira 0 mpaka 10: 0 palibe chovuta, 10 ndi ululu wosapiririka. Tinene kuti mutu uli pa 3. Ayambe kuyenda kapena kuwerenga. Ukakwera ndi mapointi osaposa awiri, kufika pa 4 kapena 5, palibe choopsa, bola ubwerere pa 3 pasanathe ola limodzi atapuma. Ukafika pa 6, kapena ukakhalabe pamwamba kupitirira ola, ndiye kuti wapyola malire. Aleke tsiku limenelo, mawa ayesenso zocheperapo. Lembani manambalawa kumapeto kwa kope limodzi ndi zomwe anachita. Pakatha masiku anayi kapena asanu mudzaona nokha chomwe chimamudzutsira mutu, ndipo kopelo lidzathandiza mukabwerera kuchipatala.

Kuyenda ndiko poyambira: mphindi 10 mpaka 15, pamalo athyathyathya, m'mawa kapena dzuwa litapepa, pa liwiro loti akhoza kumacheza osapuma wefuwefu. Zitunda za ku Mulunguzi ndi msewu wokwera ku Ku Chawe si za sabata yoyamba. Tsiku lililonse limene layenda bwino aonjezere mphindi zisanu, mpaka afike theka la ola, kenako aonjezere liwiro. Amene akufuna muyeso wa kagundidwe ka mtima achotse zaka zake pa 220. Wa zaka 20 apeza 200, ndipo masiku oyamba mtima wake usagunde kopyola ka 110 pa mphindi (55 pa 100 ya nambala wapezayo), kenako ka 140 (70 pa 100). Kuwerenga kwake n'kogwira mtsempha wa padzanja kwa masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi.

Cholakwika chomwe timachiona kawirikawiri ndi cha tsiku labwino. Munthu wadzuka mutu uli mbee, n'kuganiza zobweza ntchito zonse zomwe zinaima: kuchapa, kupita kumsika, kukaona kumunda. Madzulo mutu wabwerera, mawa lake ali gone, ndipo amayamba kuopa kuti ubongo waonongekeratu. Sunaonongeke, wangotopetsedwa. Kuthamanga sikufika. Tsiku labwino aonjezere pang'ono chabe pa zomwe anachita dzulo.

Tulo tisungidwe pa nthawi yake. Agone ndi kudzuka ola lomwelomwelo tsiku lililonse. Pakatha masiku atatu oyamba, tulo ta masana tisapitirire theka la ola ndipo tisakhale ta madzulo. Tiyi wamphamvu, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zisamwedwe dzuwa likapendeka. Panado nayenso ali ndi malire: ikatha sabata yoyamba asamwe masiku oposa awiri kapena atatu pa sabata, chifukwa kumwa tsiku ndi tsiku kumabala mutu wina woyamba ndi mankhwalawo, umene umabwera akangotha mphamvu m'thupi.

Kubwerera ku ntchito

Ntchito zigaweni pawiri. Pali zongotopetsa, ndipo pali zoti chizungulire chikabwera munthu agwa kapena agwetsa ena. Zoyambazo zimabwerera msanga potsata mapointi awiri aja: kusesa, kutsuka mbale atakhala pansi, kusankha nyemba, kukhala paokala maola awiri. Zachiwirizo zimadikira mpaka chizungulire, kuona mwachimbuuzi ndi kuchedwa kuganiza zitatheratu: kuyendetsa galimoto kapena njinga, kukwera padenga kapena pamakwerero, kudula mitengo, kutsika ndi njinga ya nkhuni kuchokera kuphiri, kupalasa bwato pa Chilwa, kuwoloka Likangala madzi atadzaza.

Amayi ali ndi zawo zomwe anthu saziwerengera. Kusenza ndowa ya malita 20 ndi kuika makilogalamu 20 pakhosi lomwe nalonso linakokeka pa ngoziyo, ndipo mutu wambiri wosatha umachokera m'khosi momwemo. Kusenza madzi ndi nkhuni kudikire mpaka khosi lizitembenuka mbali zonse popanda ululu, ndipo ayambe ndi theka la ndowa. Kusinja, kuwaza nkhuni ndi kulima, ntchito zowerama ndi kuweramuka, zibwere pambuyo pa kuyenda kwa theka la ola kopanda vuto, ndipo ayambe ndi mphindi 20 m'mawa kusanatenthe. Wachizungulire asaphike yekha pamoto, asaterule mphika wa madzi otentha, ndipo asabereke mwana poyenda mtunda. Apa abambo, apongozi ndi ana okulirapo agawane ntchitozi poyera, chifukwa mayi wosatupa paliponse amachita manyazi kukhala pansi ena akugwira ntchito.

Wakabaza amadya za tsiku lomwelo, ndipo kumuuza kuti aimike njinga ndi nkhani yolemera. Komabe ubongo wogwedezeka umachedwa kuona ngozi ndi kugwira buleki, ndipo kumbuyo kwake kumakhala munthu wina. Njinga abwereke mnzake wodalirika azigawana ndalama kwa masiku amenewo. Asanabwerere pamsewu ayese izi: atembenuze mutu msanga kumanja ndi kumanzere kakhumi maso ali pa chinthu chimodzi, ayende mofulumira theka la ola, akhale pamalo aphokoso ngati kudepoti kwa ola limodzi. Zonsezi zikadutsa popanda chizungulire kapena mutu, ayambe ndi maulendo afupiafupi, masana, wopanda pasenjala. Helemeti yomwe inamenyetseka pansi yatha ntchito ngakhale ikuoneka yabwino kunja, chifukwa chofewa cha mkati chimaphwanyika kamodzi kokha. Ndipo yosamanga lamba pachibwano imavuka munthu asanafike pansi.

Wa mu ofesi ayambe ndi theka la tsiku, azipumitsa maso pakatha mphindi 20 zilizonse pakompyuta, achepetse kuwala kwa galasi, ndipo nkhani zikuluzikulu za ndalama kapena zosainira zidikire sabata imodzi kapena ziwiri. Kutchalitchi, kumzikiti, kuukwati ndi kumaliro akhale kutali ndi zokuzira mawu, pafupi ndi khomo, kuti atuluke phokoso likamukulira.

Mwana wa sukulu

Ana ndi achinyamata amachedwerapo kuchira poyerekeza ndi akuluakulu. Akuluakulu ambiri amakhala bwino pa masabata awiri, pamene ana ambiri amafuna mpaka masabata anayi. Koma sukulu sidikira kuti zonse zithe, ndipo kujomba kopitirira sabata imodzi kumabweretsa mavuto akeake, nkhawa ya kutsalira ndi kusowa anzake. Pakatha masiku awiri ayambe kuwerenga kunyumba mphindi 10 kapena 15 n'kupuma. Akafika theka la ola popanda kupyola malire aja, apite kusukulu theka la tsiku, kenako tsiku lonse.

Kholo lipite lokha kukaonana ndi aphunzitsi, kabuku ka kuchipatala kali m'manja. Pemphani zinthu zodziwika: akhale kutsogolo kuti asavutike kuona pabolodi, aloledwe kutuluka kukakhala pamthunzi mphindi 15 mutu ukayamba, manotsi akope kwa mnzake pang'onopang'ono m'malo mothamangitsana ndi bolodi, asaime padzuwa pa asembule, asapatsidwe chibalo cholima kapena kutchetcha, ndipo mayeso a m'kalasi asunthidwe. Ngati mayeso a MANEB ali pafupi, auzeni ahedi msanga ndipo mutenge kalata ya kuchipatala. Mwana wotere amaiwala zomwe wangouzidwa, amapsa mtima msanga, amalira ndi kanthu kochepa. Si mwano kapena ulesi, ndipo kumukalipira kumangoonjezera. Wa ku yunivesite kapena wogonera kusukulu konko auze woyang'anira hositelo ndi mnzake wa m'chipinda, kuti usiku woyamba asagone yekha.

Kubwerera m'bwalo la masewera

Apa ndi pamene timaumitsa mawu. Ubongo umene sunachire ukagundidwanso, ngakhale pang'ono, zizindikiro zimakula ndi kukhalitsa, ndipo mwa achinyamata ena ochepa ubongo umatupa mwadzidzidzi mpaka imfa. Wosewera mwini wake sangadziweruze, chifukwa chiwalo choweruziracho ndi chomwe chavulala. Kochi, mphunzitsi wa masewera kapena kaputeni ndiye amutulutse. Kuyambira mu Julaye 2024 malamulo a mpira wa miyendo amalola okonza mpikisano kupereka mwayi wapadera wosinthira wosewera amene akuganiziridwa kuti ubongo wagwedezeka, ndipo okonza mabonanza a m'madera akhoza kugwirizana zomwezo masewera asanayambe.

Masitepe ake ndi 6, ndipo lililonse limatenga maola osachepera 24. Loyamba ndi zochita za pakhomo. Lachiwiri ndi kuyenda mofulumira, kenako kuthamanga pang'ono. Lachitatu ndi kuthamanga ndi mpira payekha, popanda hedi ndiponso popanda womulanda. Asanapitirire apa, zizindikiro zonse zikhale zitatha, ngakhale atathamanga, akhale atabwerera m'kalasi tsiku lonse, ndipo achipatala amuone. Lachinayi ndi kuyeserera ndi anzake mopatsirana popanda kugundana. Lachisanu ndi kuyeserera kwathunthu. Lomaliza ndi gemu. Zizindikiro zikabwerera pa masitepe atatu omalizawa, abwerere pa lachitatu mpaka zitatheratu. Malangizo a ku Britain a 2023 a masewera a m'sukulu ndi m'madera, kumene kulibe dokotala wa timu, amati wosewera asalowe mu mpikisano masiku 21 asanakwane, ndiponso akhale masiku 14 opanda chizindikiro asanayambe kugundana ndi anzake. Matimu athu a m'makwalala, a sukulu ndi a ntchemberembaye alibenso dokotala, choncho muyeso wa masiku 21 umenewu ndi woyenera kuutsata. Amene wagwedezeka ubongo kawiri m'chaka chimodzi asabwerere asanakambirane ndi dokotala.

Zikapitirira masabata anayi

Ena sachira pa nthawi imeneyi, makamaka amene anavulalapo kale m'mutu, a mutu waching'alang'ala, ndi amene anali kale ndi nkhawa kapena vuto la tulo. Bwererani kuchipatala ndi kope lija, ndipo mutchule chomwe chatsala, chifukwa chilichonse chili ndi thandizo lake. Chizungulire chobwera mukatembenuka pamphasa kapena mukayang'ana kumwamba, chozungulitsa nyumba kwa masekondi ochepa, kawirikawiri chimachokera ku timiyala ta mkati mwa khutu tomwe tasuntha, ndipo a fizio, achipatala othandiza ndi masewero a thupi, amatibwezeretsa pomutembenuza munthu mutu mwa njira yake. Mutu woyambira kunkhongo n'kukwera, khosi lili gwa, umafuna masewero a khosi. Mutu wobwera powerenga, mizere ikusakanikirana, umafuna oona za maso. Kutemera mphini pachipumi sikufika pa chilichonse mwa zimenezi.

Mtima nawo umasintha. Munthu wofatsa amayamba ukali, wina amangokhala khuma, wina amaopa kukweranso njinga kapena kulota ngoziyo. Apabanja adziwe kuti zimachokera ku kuvulalako ndipo zimathandizika. Zomba ili ndi achipatala a maganizo pafupi, ku Zomba Mental Hospital, ndipo kukaonana nawo sikutanthauza misala. Akayamba kuyankhula zofuna kudzipha, musamusiye yekha, pitani naye tsiku lomwelo. Ngati kuvulalako kunachokera ku nkhanza za m'banja, auzeni achipatala zoona, chifukwa wobwerera m'nyumba momwe akamenyedwenso m'mutu sangachire, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yothandiza pa nkhani zotere.

Okalamba ndi amene amamwa mowa kwambiri muziwayang'anira mpaka miyezi iwiri kapena itatu. Mwa iwo timitsempha ta pamwamba pa ubongo timang'ambika ndi kugwa kochepa, koti ena anakuiwala kale, ndipo magazi amadontha pang'onopang'ono kwa masabata. Agogo amayamba kuiwalaiwala, kusinza masana, kukoka mwendo umodzi, kudzikodzera, kapena kuyankhula zosagwirizana. Pakhomo ena amati ndi ukalamba, ena sitiroko, ena mpaka kuwanenera zaufiti. Magazi amenewa madokotala amatha kuwachotsa ndi opaleshoni, ndipo ambiri amabwerera mwakale. Mukapita nawo kuchipatala, nenani mawu awa ngakhale musanafunsidwe: anagwa n'kumenyetsa mutu, mwezi wakuti, pamalo pakuti.